Njinga Yanga ndi Foni ya a Nankhoma

Lolemba, 8 Julayi

Ndayamba kope ili chifukwa tsiku la m'chipatala ndi lalitali, ndipo munthu sungamangowerenga malata a denga. Wodi ya abambo, bedi nambala 6, pafupi ndi zenera. Pakhadi alemba Evaristo Chikoti, zaka 68, ntchito "mlimi". Ndawauza kuti ndinaphunzitsa Chichewa zaka 34, koma akuti malo olembapo achepa.

Dzulo ndinagwa panjinga pochokera ku Misa, pa kamtsetse kotsikira kudambo. Kugwako sindikukukumbuka. Ndinangozindikira ndili pansi pa mtengo wa mango, amayi ena ogulitsa thobwa akundimwetsa. Aka n'kachitatu chaka chino.

Zimene apeza: fupa la paphewa lakumanzere lathyoka, pamphumi asoka, ndipo pamsongolo pali chilonda chachikulu. Poti ndili ndi matenda a shuga chilondacho akuchiopa, ndiye ndikubayidwa jakisoni wa m'mitsempha katatu patsiku. Shuga pofika dzulo anali 146, bipi 138/84. Akuti zonsezi zili bwino. Nanga munthu wa zonse bwino amagweranji?

Dzanja lolembera lapulumuka. Pamenepo ndathokoza Mulungu.

Lachiwiri, 9 Julayi

Dongosolo la muno: faifi koloko kukolopa, kenako kubaya chala poyeza shuga, sikisi koloko phala ndi mapiritsi, naini koloko adokotala. Shuga 131.

Pa bedi nambala 7 pali a Akimu, a golosale ya pa Nsaru. Nawonso ndi a shuga, ndipo anawadula chala chakuphazi sabata yatha. Amaseka ngati sanadulidwe kanthu. Akuti nsapato zimene zinkawathina tsopano ziwakwana.

Manyazi a lero ndi awa. Nesi wa m'mawa, a Ireen, atawerenga khadi langa anandiyang'ana kawiri. "Pepani bambo, kodi ndinu Aphunzitsi a Pakhonde pa Nellie? Aja munathamangitsidwa ndi nkhukundembo buku lili m'manja?" Anaitana anzawo awiri kuti adzandione.

Ndifotokoze kuti zimveke. Akazi anga, a Nankhoma, dzina la ubatizo Nellie, ali ndi tsamba pa Fesibuku lotchedwa Pakhonde pa Nellie. Chiwagulireni foni mwana wathu Simeon zaka zitatu zapitazo, sadumpha tsiku: mtedza wauma, mbuzi yaswa, Aphunzitsi akangana ndi wailesi. Amalemba chiimirire, ndi chala chimodzi, popanda mpumiro kapena mpatuliro. Owatsatira akuti apitirira zikwi ziwiri. Ine sindinawerengepo, ndipo ndimanena poyera kuti kumeneko si kulemba koma kubwebweta ndi zala. Ine ndili ndi buku langa, mbiri ya mudzi wathu kuyambira pamene fodya anafika. Chino n'chaka cha khumi ndi chimodzi, makope asanu ndi limodzi, mutu wachinayi. Chiganizo chimodzi ndimatha kuchisula sabata yathunthu.

Masana a Nankhoma abwera kuchokera kukhitchini ya magadiyani ndi futali wa mbatata, wanga wochepa. Nditadandaula za nkhukundembo anati, "Anthu mazana atatu anaseka tsiku limenelo, bambo. Buku lanu laseketsa angati?"

Ndinati buku la mbiri si loseketsa.

"Ndiye laliritsa angati?"

A Akimu anatsamwa ndi tiyi.

Lachitatu, 10 Julayi

Shuga 128, bipi 134/80. Atsuka chilonda. Ndinaluma thaulo kuti a bedi nambala 3, amene ndinawaphunzitsa Sitandade 7, asandimve ndikukuwa.

Simeon wabwera kuchokera m'tauni. Wandibweretsera kope la buku langa monga ndinam'pemphera, komanso nkhani. "Bambo, takambirana ndi alongo anga. Akapanda kupeza chimene chikukugwetsani, mukatuluka muno mukubwera kwathu ku Eliya 25. Njinga ndaimanga loko, kiyi ali ndi ine." Ananena mwaulemu, maso ali pansi, ndipo ndinaona kuti mwanayu sanagone.

Adokotala akuganizira ziwiri: khunyu lobwera munthu atakula, kapena kasitiroko kakang'ono. Andilembera kukajambulitsa mutu kuchipatala chachikulu cha m'tauni Lachinayi la sabata ya mawa.

Ndaopa, sindibisa. Nyumba ya Simeon ndi yabwino, ya mpanda ndi geti. Ndinakhalako masiku anayi chaka chatha, ndipo tsiku lachitatu ndinayamba kucheza ndi galu. Njinga imeneyo yandipititsa kusukulu zisanu, ndipo nkhalamba zonse zimene ndimafunsa za mbiri ndimazifikira nayo. Akandilanda, buku latha, inenso ndatha.

Madzulo ndinauza a Akimu za kusiyana kwa zolemba zenizeni ndi za pafoni. Anamvetsera bwino, kenako anati, "Ine za mabuku sindizidziwa, achimwene. Koma m'golosale mwanga suti ya ukwati ndinaipachika ndi kale, aliyense amaiyamikira. Mchere ndiwo umatuluka tsiku lililonse." Ndinatembenukira kuzenera.

Lachinayi, 11 Julayi

Shuga 135. Chilonda chayamba kufiira bwino, akuti chikuchira.

Adokotala athu ndi a Gladson, a msinkhu wa Simeon, ofatsa. Lero anakhala pansi m'mphepete mwa bedi. "Bambo, muno simunagwepo, simunachitepo chizungulire. Ndikufuna masiku. Munagwa liti ndi liti, nthawi yanji, musanagwe munkamva chiyani?"

Ndinasangalala. Ndinati afunsa munthu woyenera, chifukwa kugwa koyamba ndinakulemba kumapeto kwa kope langa. Ndinavala magalasi, ndinakonza kukhosi, wodi yonse ili chete, n'kuwerenga:

"Pamenepo thambo linapendekeka, nthaka inathawa kumapazi anga, ndipo ndinamva imfa ikuyenda m'mapesi, ikundizonda monga mwini munda azonda wakuba."

A bedi nambala 3 anaomba m'manja. Adokotala anati, "Zokoma kwambiri, bambo. Linali tsiku lanji?"

Tsiku panalibe. Pa pepala loyamba linalipo, ndi nthawi yomwe. Koma ndimeyi ndinailemba kanayi, ndipo pokonza ndinaona kuti manambala akuipitsa chiganizo. Pepala loyambalo tinayatsira mbaula.

"Dikirani," anatero a Nankhoma, akumasula foni pa nsonga ya chitenje. Anapalasa ndi chala, anapalasa, kenako anawerenga mokweza, mopanda chisoni:

"10 Malichi abale Aphunzitsi agwa panjinga pochokera ku Misa cha m'ma leveni pafupi ndi chigayo thukuta thupi lonse ngati awathira madzi abambo a pachigayo awapatsa nzimbe atafuna atsitsimuka afika kunyumba akukana akuti iwo sanagwe inagwa ndi njinga"

Wodi inafa ndi kuseka. Adokotala sanaseke. Anafunsa ngati zotere zilipo zambiri, ndipo anapempha kuti tiwasonkhanitsire tsiku lililonse limene ndinadwala, ngakhale pang'ono, kuyambira Januwale.

Ndiye masana onse a Nankhoma amawerenga, ine ndimalemba. Mphunzitsi wa zaka 34 kusanduka mlembi wa zobwebweta. Foni inatha moto tili mu Meyi, a Ireen anakatitchajira ku ofesi yawo.

Lachisanu, 12 Julayi

Tsiku lalikulu. Ndilemba zonse ngakhale phewa likuwawa.

Tamaliza m'mawa. Masiku apezeka asanu ndi awiri, pamene ine ndinkadziwa atatu okha. 11 Febuluwale, manja kunjenjemera mpaka buku la nyimbo kugwa m'tchalitchi. 10 Malichi, kugwa pachigayo. 5 Epulo, ndinafika kunyumba ndikuyankhula zosamveka, ndikuitana mbuzi dzina la mlongo wanga, n'kuchira nditamwa tiyi. 3 Meyi, kugwa kwachiwiri. 26 Meyi ndi 16 Juni, thukuta ndi chizungulire. 7 Julayi, kugwa kumene kwandigoneka muno. Titayang'ana pa kalendala ya pakhoma tinapeza kuti asanu ndi Lamulungu, awiri ndi Lachisanu.

A Akimu anali atagona chagada, kofiya ali pamphumi, ife kumati ali mtulo. Tinangomva, "Lamulungu ndamva. Nanga Lachisanu, inu si Msilamu, mumapita kuti?"

Ndinati Lachisanu loyamba la mwezi kumakhala Misa kuparishi.

"Mtunda wake?"

"Makilomita asanu ndi anayi kupita kokha."

"Mumadya musananyamuke?"

Ndinawayankha monyada. Bambo anga anali akatekisiti, ndipo anatilera kuti tsiku lolandira Ukaristia m'kamwa simulowa chakudya kuyambira pakati pa usiku mpaka utalandira. Ndasunga zimenezo chiyambire ndili mwana.

"Nanga mapiritsi?"

"Faifi koloko m'mawa. Sindinaphonyepo ngakhale tsiku limodzi."

A Akimu anadzuka, anamenya matiresi ndi chikhatho. "Achimwene! Ndiye mukufunga ngati ife, koma mankhwala mukumwa ngati munthu wodya! Ife mwezi wa Ramadhani ukamayandikira, a kukiliniki ya shuga amatiitana n'kutisinthira nthawi, makamaka kam'bulu kakang'ono koyera kaja. Kameneko ukamwa pamimba popanda kanthu kamakugwetsa. Inu mukuwonjezanso kupalasa njinga!"

Kam'bulu kakang'ono koyera anandiwonjezera mu Januwale. Tinayang'anana ndi a Nankhoma. Iwo anagwira pakamwa. "Zaka 41 ndakhala ndikuwaona akunyamuka osadya," anatero chapansipansi. "Ndinazolowera mpaka sindinkazionanso."

Adokotala atabwera tinkayankhula atatu nthawi imodzi. Anawerenga mndandanda wathu kawiri. Anati tsiku loyamba anandifunsa ngati ndimadya bwino, ine n'kuyankha kuti kwambiri, zimene zili zoona masiku ena onse. Anatinso nzimbe, tiyi ndi thobwa zija ndizo zinkandidzutsa, ndipo thobwa la Lamulungu ndilo linabisa umboni, chifukwa pofika muno shuga anali atakwera kale. Komabe sakufuna kungokhulupirira. Mawa andiyesa: mapiritsi faifi koloko, phala ayi, kuyenda m'khonde, nesi ali pambali.

Ndakhala ndikumwetulira ndekha ngati mwana wakhoza mayeso, chonsecho wakhoza ndi wina.

Loweruka, 13 Julayi

Mapiritsi 5:00. Shuga 6:00, 124. 8:00, 92. Kuyenda m'khonde ndi a Ireen, kupita ndi kubwera. 9:30, 71, manja ayamba. 10:15, 54, thukuta, maso a mdima, akuti ndinawatcha a Ireen dzina la mlongo wanga. Madzi a shuga. 10:45, 118, ndabwerera.

Ndafooka. Kam'bulu kakang'ono akachotsa, ndatsala ndi m'bulu waukulu. Adokotala aimbira anzawo a m'tauni, agwirizana kuti za kujambula mutu ziyambe zaima, aone miyezi itatu.

Si khunyu. Si sitiroko. Ndi njala. A Nankhoma anavina pakati pa wodi, mbale ili m'manja.

Lamulungu, 14 Julayi

Shuga 149. Akuti akwera pang'ono poti kam'bulu kachoka, tiziyang'anira.

Bambo mfumu abwera kudzapereka Ukaristia kwa odwala. A Nankhoma anandinenera ndisanatsegule pakamwa. Bambo mfumu anagwira mutu. "Aphunzitsi, lamulo limenelo linafewetsedwa ine ndisanabadwe. Ndi ola limodzi lokha, ndipo odwala silikuwakhudza n'komwe."

Ndilembe zoona, poti kope ili si la mbiri. Ndinkadziwa. Koma ndinkati zofewetsazo ndi za anthu ofooka, ine ndine mwana wa akatekisiti. Ndalandira lero phala lili m'mimba, ndipo denga silinagwe.

Achibale a a Akimu abweretsa mpunga wa nyama ya mbuzi, atigawira. A Nankhoma ajambula mbaleyo ndi a Akimu omwe, alemba kuti awa ndiwo adokotala a bedi nambala 7. Pofika madzulo anthu a pa Nsaru ayankha ambirimbiri, ena akufunsa kuti golosale atsegula liti. Mayi wina wa ku Kabudula walemba kuti amuna awo a shuga amachitanso chizungulire akapita kudimba m'mamawa osadya, awatengera kuchipatala mawa.

Lolemba, 15 Julayi

Shuga 141, bipi 130/78. Jakisoni watha dzulo, tsopano ndi mapiritsi a chilonda. Ulusi wa pamphumi achotsa.

Ndapempha foni. A Nankhoma anandiyang'ana ngati ndapempha chitenje, koma anandipatsa n'kupita kukachapa. Ndawerenga kuyambira kumapeto mpaka koyambirira, maola anayi.

Sindinama, madeya ndi ambiri. Mtengo wa tomato walembedwa mwina kasanu ndi kawiri. Pali nkhani ya mphaka imene sindinaimvetse mpaka pano. Dzanja langa linkafuna cholembera chofiira pa mzere uliwonse, ndipo maganizo amenewa sindiwasintha: chiganizo chimafuna mpumiro monga munthu amafuna kupuma.

Koma ndinafika pa Okutobala wa chaka chatha, sabata imene tinaika mng'ono wanga Ackson. Analemba kuti: "lero Aphunzitsi sanalembe buku akhala pakhonde tsiku lonse akupolisha nsapato za malemu sindinawafunse ndangowaikira madzi pambali". Ndinali nditaiwaliratu. Nditawerenga ndinamva fungo la polishi lija. Ndinalira, a Akimu n'kunamizira kuti akuyang'ana panja.

M'makope anga asanu ndi limodzi muli anthu amene anafa ine ndisanabadwe, aliyense ndi chiganizo chake chosulidwa bwino. A Nankhoma mulibe, Ackson mulibe. Zaka zitatu za pakhomo pathu zili m'kafoni kong'ambika galasi, ndipo ine ndilimo pafupifupi tsiku lililonse, ndikukwiya, ndikugwa, ndikudya chimanga chowotcha. Sindinkadziwa kuti pali munthu amene amandiyang'ana chotere.

Atabwera ndinawauza kuti ndawerenga. Anayamba kupinda zovala mwachangu. "Ndiye mwapereka mamalikisi angati?"

Ndinati sindinachonge.

Anakhala pansi. Kenako anandiululira kuti ndikapita kwa nkhalamba zanga iwo amatsegula makope anga. Ananena pamtima, osaphonya liwu, ndime ya m'mutu wachiwiri, ya amayi osenza fodya pamutu kupita kumsika, ana ali kumbuyo. "Agogo anga anali m'gulu limenelo. Ine sindingalembe choncho, bambo. Zanga anthu amaseka lero, mawa aiwala. Zanu zikhoza kukhala. Koma malizani, anthu aziwerenge muli moyo."

Zaka 41, ndipo iwo akhala akundiwerenga mobisa, m'makope ndi pankhope pomwe.

Lachiwiri, 16 Julayi

Atitulutsa! Shuga 138. Malangizo alembedwa m'buku langa la kuchipatala: kudya ndisanamwe mapiritsi, maswiti awiri m'thumba paulendo uliwonse, nsalu yokolekera mkono masabata asanu ndi limodzi, kubweranso pa 30 kudzaonetsa chilonda.

Simeon wabwera ndi galimoto ya mnzake. Adokotala anam'fotokozera okha, ndipo ndinaona mapewa a mwanayu akutsika. Za ku Eliya 25 zatha. Anatulutsa kiyi wa njinga m'thumba, ine n'kutambasula dzanja, iye n'kupereka kwa amayi ake. "Fupa likalumikizana, ndipo akadya. Mukaona kuti sanadye, musawapatse."

A Akimu atuluka Lachinayi. Tatsanzikana ngati tinakulira limodzi. Akuti ndikamaliza buku adzalipachika pambali pa suti ija. Ndawauza kuti aliike pa mchere.

A Ireen anatiperekeza mpaka pageti, akuti awerenga zotsatira pa Khonde.

Lamulungu, 25 Ogasiti, kunyumba

Kope ili linatsala ndi masamba awiri, ndiye ndilitseke.

Fupa lalumikizana, chilonda chatsala chipsera. Chitulukireni sindinachitepo chizungulire. Shuga wa Lachiwiri lapitali kukiliniki anali 136. Mutu wachinayi ndaumaliza, ndipo ndalola ziganizo zina kupita zisanasulidwe mokwanira. Zikundiwawa pang'ono.

Lero faifi koloko a Nankhoma anaika phala la mgaiwa lotendera patebulo, kiyi ali pambali pa mbale, dzanja lawo lili pamwamba pa kiyiyo. Anachotsa dzanja nditapala mbale. Njinga ndinaipukuta dzulo. Popita ku Misa a Nankhoma anakwera pakeliyala, ndipo pa kamtsetse ka kudambo ndinamva akulemba ndi dzanja limodzi, lina atandigwira lamba. Amayi a thobwa aja anatiimitsa, akuti anawerenga zonse.

Titabwerera anaona kope ili pampando. Anapempha kuti ajambule masamba ake aike pa Khonde, chifukwa anthu akhala akufunsa kuti Aphunzitsiwo mbali yawo akuti chiyani. Ndinalitsegula, ndipo ndinachita manyazi. Ndi zolemba za chigonere, ziganizo zina zopanda mneni, manambala a shuga paliponse. Ndinati andipatse mwezi umodzi ndilikonze kaye.

"Ayi bambo," anatero. "Mukakonza muchotsa masiku."

Ndawapatsa momwe lilili. Akudikira pakhomo kuti ndimalize mzere uno, foni ili kale m'manja.